Tsiku limene anthu opitirira 60,000 anazonda mwana wanga

Mwana wathu wamkazi anagonekedwa m'chipatala cha ana cha Stead Family ku Iowa City, m'dziko la America, sabata yoyamba ya Seputembala 2019. Anali ndi zaka 6. Kwa milungu itatu ankadandaula kuti miyendo ikumuwawa, ankagona masana pamene si khalidwe lake, ndipo m'miyendo munayamba kutuluka mikwingwirima ngati wamenyedwa. Nditamutsegula chikope ndinaona kuti m'maso mwayera, ndipo mtima wanga unathamangira ku malungo, ngakhale ndinkadziwa kuti ku Iowa kulibe malungo. Atamuyeza magazi, adokotala anatikhazika pansi ine ndi bambo ake n'kutiuza kuti ndi khansa ya m'magazi, mtundu umene umagwira ana kwambiri. Anati ana ambiri amachira, koma mankhwala ake ndi a zaka zopitirira ziwiri.

Tinali titangokhala chaka chimodzi ku America. Bambo a ana ankaphunzira pa University of Iowa, ine ndinali pakhomo ndi mng'ono wake wa zaka 2. Wachibale tinalibe ngakhale mmodzi.

Kwathu munthu akagonekedwa, ola loona odwala likakwana mumaona anthu akulowa pageti la chipatala ali mnyandanyanda, wina ndi fulasiki ya phala, wina ndi nsima yokulunga m'nsalu, amayi a chigwirizano atavala yunifolomu. Wodikirira wodwala amapeza womulandira kuti akasambe. Kuno ndinapeza chipinda chathuchathu, chaukhondo, chokhala ndi bafa lake ndi sofa yoti kholo ligonepo, koma chitseko chikatsekedwa kunkangoti zii. Ndipo kusowa anthu kwina ndinadzipangira ndekha. Usiku woyamba womwewo ndinauza bambo ake kuti, "Tisauze anthu kaye. Kumudzi tisawauze, kutchalitchi tisawauze." Ndinkaopa kuti amayi anga, amene amadwala BP, angagwe ndi nkhaniyo. Ndinkaopanso mawu akuti khansa, chifukwa onse amene ndinawadziwa kwathu atawapeza ndi khansa tinawaika m'manda. Ndinkaona ngati ndikawatchula mokweza ndiye kuti ndaitana maliro.

Wodi ya ana a khansa ili pansanjika ya nambala 11. Ukaima pazenera la mbali ya kumadzulo, pansi pomwepo, kungodumpha msewu wa Hawkins Drive, pali bwalo la masewera la Kinnick. Ndi lalikulu moti umaona mkati monse ngati ukusuzumira m'mbale. Analitcha dzina la Nile Kinnick, mnyamata wa payunivesitepo amene anapata mphotho ya Heisman, ya wosewera mpira wopambana onse m'mayunivesite a ku America, mu 1939 n'kumwalira pa ngozi ya ndege ya asilikali mu 1943. Pamenepo ndi pamene timu ya yunivesiteyi, Iowa Hawkeyes, imasewerera mpira wa ku America, uja wogwira ndi manja, osewera atavala zipewa zolimba n'kumagundana. Mpirawu ndinalibe nawo ntchito, ndipo mpaka lero malamulo ake ena amandisokoneza.

Loweruka lathu loyamba m'chipatala, pa 7 Seputembala, kunali masewera ndi timu ya Rutgers. Kuyambira m'mamawa misewu inadzaza ndi anthu ovala zakuda ndi zachikasu, akuwotcha nyama kumbuyo kwa magalimoto, nyimbo zili pokopoko. Bambo a ana anavutika kwambiri kuti afike, chifukwa misewu ina inali yotseka ndipo poimika galimoto panalibe. Namwino wina anandiuza mwansangala kuti ndisaphonye zimene zichitike pakutha pa gawo loyamba la masewera. Ine ndinangomwetulira, iye atatuluka ndinatseka makatani. Zinandiwawa kuti anthu akusangalala chonchi pansi pa zenera la mwana amene dzulo lake anamubaya jakisoni pamsana. Ndinamva phokoso likuchepa kwa kanthawi kenako n'kubwereranso, koma sindinadzuke kuti ndione.

Patapita masiku 10 anatitulutsa. Asanatitulutse anatiphunzitsa lamulo limene ndikufuna kholo lililonse la mwana amene ali pa kemo, mankhwala a khansa aja, lilisunge: mankhwalawa amapha asilikali a m'thupi, choncho thupi likatentha kufika madigiri 38 si nkhani yodikira kuti kuche. Usamupatse panado kuti uone ngati kutsike, imba foni kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi 2 koloko usiku. Kwathu tinazolowera kuyamba ndi panado ndi nsalu yonyowa, ndipo dzanja langa linafika kale pabotolo usiku umene thupi lake linatentha, chakumapeto kwa mwezi womwewo. Bambo ake ndi amene anandigwira mkono. Tinathamanga naye, ndipo anapeza kuti tizilombo talowa m'magazi. Ulendo umenewo tinakhala m'chipatala pafupifupi milungu itatu.

Pa 28 Seputembala kunalinso masewera, ndi timu ya Middle Tennessee, oyamba cha m'ma 11 koloko m'mawa. Mwana anali atafooka, masaya atatupa chifukwa cha mankhwala a steroid, tsitsi litayamba kutsalira papilo. Kwa masiku awiri sanafune kulankhula ndi aliyense, ngakhale ine. Kunabwera mayi wina wa gulu la antchito amene ntchito yawo ndi kusewera ndi ana odwala ndi kuwafotokozera za mankhwala m'njira yoti amve. Anabwera ndi pepala lalikulu ndi makrayoni, nati ana ena akulemba zikwangwani zomata pazenera kuti anthu a m'bwalo aone. Mwana anatembenukira kukhoma. Mayiyo sanamukakamize, anangosiya pepalalo patebulo n'kupita. Patapita kanthawi ndinamva, "Amayi, ndipatseni wachikasu." Anajambula dzuwa, ndi dzanja limene linali ndi mapulasitala, dzuwa lopindika mbali imodzi chifukwa ankajambula chogona.

Chifukwa choti asilikali a m'thupi anali otsika kwambiri, sanamulole kukwera kumwamba kumene ana ena amasonkhana. Namwino anatiperekeza pazenera la pansanjika yathu yomweyo, mwana ali panjinga ya odwala, ine ndikukankha chitsulo chopachikapo diripi. Tinamata dzuwa lija pagalasi.

Masewerawa amagawidwa zigawo zinayi za mphindi 15. Wotchi ya gawo loyamba itafika pa ziro, ndinaona chinthu chimene sindinkachiyembekezera. Anthu a mbali imene ili pansi pa chipatala, amene nthawi yonseyi tinkangowaona misana, anatembenuka onse n'kuyang'ana kumwamba. A mbali inayo anaimirira. Osewera a matimu onse awiri anasiya zimene ankachita, ena atavula zipewa zawo, makochi, oimbira mpira ndi malaya awo amizeremizere, apolisi, ogulitsa zakumwa, a bandi ndi malipenga awo, onse anakweza manja n'kumagwedezera kwa ife. Bwalo limenelija limalowa anthu 69,250. Kuchokera pamwamba nkhope suziona, umangoona ngati munda wa chimanga mphepo ikuwomba, koma umadziwa kuti dzanja lililonse lili ndi mwini wake ndipo akuyang'ana zenera lako.

Mwana anakhala chete, kenako anafunsa osandiyang'ana, "Amayi, akutidziwa?"

Ndinasowa choyankha. Ndinati, "Akudziwa kuti uli muno."

Anakweza dzanja lija la mapulasitala n'kuyamba kugwedeza pang'onopang'ono, kenako mwamphamvu mpaka chingwe cha diripi chinayamba kuvina. Ine misozi inangotsika. Chiyambireni matendawa ndinkalirira m'bafa madzi ali otsegula kuti asandimve, koma tsiku limenelo ndinalira pamaso pa namwino, pamaso pa bambo wina wachizungu amene anali pambali pathu atanyamula mwana wake, iyenso akulira. Zonsezi sizinapitirire mphindi imodzi kapena ziwiri. Anthu anatembenukanso, mpira unapitirira, Iowa inapambana 48 kwa 3. Madzulo ake mwana anapempha mpunga ndi nyemba.

Sindikunena kuti manja aja ndi amene anamuchiritsa. Anamuchiritsa ndi mankhwala, madokotala, anamwino ndi chisomo cha Mulungu. Koma ndinazindikira tsiku limenelo chimene chinkamudya mwana wanga kuwonjezera pa matenda. Anzake a kusukulu anangosowa, kutchalitchi sankapita, agogo ake tinasiya kuwaimbira pa vidiyo kuti asaone mmene wasinthira. Kwa iye zinali ngati dziko lonse lamuiwala, ndipo amene anatseka zitseko zonsezo ndinali ine.

Mbiri ya mwambowu ndinaimva kwa mayi wina wa pawodi yathu, mlimi wa kumpoto kwa Iowa amene mwana wake anali atadwala kwa zaka zitatu. Tinkakumana kukhitchini ya makolo usiku tikutenthetsa tiyi. Iye analipo pamene chipatalachi chinatsegulidwa kumayambiriro kwa 2017, ndipo anati omanga anaika dala chipinda cha magalasi pansanjika ya nambala 12, chimene amachitcha Press Box, kuti ana azionera mpira. Koma zogwedeza manjazo sizinachokere kwa akuluakulu a yunivesite. Mayi wina wa m'katawuni kakang'ono ka Anita analemba pa tsamba la Facebook la ochemerera timuyi lotchedwa Hawkeye Heaven kuti zingakhale bwino anthu onse atamapereka moni kwa ana aja pakutha pa gawo loyamba. Anthu anagawana uthengawo, ndipo pa 2 Seputembala 2017, pa masewera ndi timu ya Wyoming, anachitadi. Chiyambire tsiku limenelo sanasiye. Chaka chomwecho mwambowu unalandira mphotho ya Disney ya Spirit Award, ndipo amautcha Hawkeye Wave.

Anandiuzanso kuti mphunzitsi wa timuyi, Kirk Ferentz, amene wakhala pa udindowu kuyambira 1999, akamakweza dzanja amadziwa chimene akuchita. Banja lake linataya mdzukulu amene anabadwa masiku asanakwane mu 2014, ndipo iye ndi mkazi wake Mary anapereka 1 miliyoni ya madola kuchipatalachi kuti ithandize kafukufuku wa ana obadwa osakwana masiku. Mwezi womwewo umene ife tinagonekedwa, nkhani imene inali m'kamwa mwa aliyense inali ya mnyamata wina, Carson King, amene anaonekera pa TV ku Ames, tawuni ina ya ku Iowa komweko, atanyamula chikwangwani chopempha ndalama ya mowa mwanthabwala. Anthu atayamba kumutumizira zenizeni, ananena kuti azipereka kuchipatala cha ana, ndipo pomaliza zinakwana pafupifupi madola 3 miliyoni. Chimene chinandikhudza n'chakuti iye ankachemerera Iowa State, timu imene ndi mdani wamkulu wa Hawkeyes pabwalo.

Bambo ake anali atajambula kavidiyo kamphindi kaja pafoni. Mawa lake mwana anati, "Titumizireni agogo." Ndinayang'anizana ndi bambo ake. Kutumiza kavidiyo kameneko kunali kuulula zonse, chifukwa njinga, diripi ndi mutu wothothoka tsitsi zinkaoneka. Ndinayesa kuzemba, iye anaumirira, "Ndikufuna aone anthu anga." Anawatchula choncho, anthu anga.

Ndinaimbira kaye achimwene anga kuti apite akakhale pafupi ndi amayi, kenako ndinaimba. Kwathu inali 8 koloko usiku, ife ili 1 koloko masana. Ndinafotokoza zonse, amayi akungoti "mhm, mhm." Nditamaliza ndinatumiza kavidiyo kaja n'kunena kuti, "Onani, anthu onsewo akumubayibitsa."

Amayi anadzidzimuka. "Akumubayibitsa? Akupita kuti mwana?"

Ndinazindikira kuti ndalakwitsa mawu. M'Chichewa chathu dzanja likagwedezeka timati kubayibitsa, ndipo timabayibitsa munthu amene akuchoka. Ndinati, "Ayi amayi, si kutsanzikana. Akumupatsa moni."

Anaonera kavidiyoko kawiri. Kenako anati, "Amenewo abwera kudzazonda. Ndiye anthu achilendo azonde mdzukulu wanga, ine agogo ake osadziwa? Matenda sabisa, mwanawe." Sanagwe ndi BP. Analira, anapemphera pafoni pomwepo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankatumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp m'mawa uliwonse, nthawi zina nthano, nthawi zina phokoso chabe la nkhuku ndi mbuzi za pakhomo, chifukwa mwana ndi zimene ankapempha. Apongozi anga nawo anandidzudzula mofatsa, nati mwana si wa anthu awiri.

Mawu a amayi aja, akuti abwera kudzazonda, ndi amene ndimagwiritsa ntchito mpaka lero ndikamafotokozera anthu a kwathu za mwambowu. Wozonda wodwala sabweretsa mankhwala. Amakhala pang'ono, amafunsa kuti mwagona bwanji, amapita. Koma wodwala amene wazondedwa ndi amene sanazondedwe amagona mosiyana.

Sabata yomweyo ndinauza abusa a mpingo umene tinkapemphera. Zimene zinatsatira zinandichititsa manyazi ndi mmene ndinawaganizira anthu amenewa. Mayi wina wachikulire anakonza ndandanda ya mabanja oti azitibweretsera chakudya katatu pa sabata. Banja lina linkatenga mng'ono wake uja Lachiwiri ndi Lachinayi kuti bambo ake apite m'kalasi. Mtsikana wina wa ku Zambia amene ankaphunzira unamwino anamva za ife, anabwera ndi ufa umene anagula kusitolo ya anthu a ku Africa, anandiphikira nsima ndi ndiwo zamasamba zotendera n'kundibweretsera pawodi. Ndinadya ndi manja nditakhala pasofa ija, nsima yoyamba patatha mwezi. Anthu a kuno nthawi zambiri safika pakhomo osaitanidwa, amaopa kukusokoneza. Ndinkayesa kuti ndi kuuma mtima, koma ankangodikira kuti ndiwatsegulire. Ngati muli kunja ndipo mwana wadwala, nenani. Ndipo akakufunsani kuti tikuthandizeni chiyani, musayankhe kuti "tili bwino" monga tinazolowera. Tchulani chinthu: mutitengere mwana wamng'onoyu Lachiwiri, mutichapire zovala, mukhale naye ola limodzi ndikagone.

Pa 12 Okutobala kunali masewera a usiku ndi timu ya Penn State. Magazi ake anali atakwerako ndipo adokotala analola kuti akwere kunsanjika ya nambala 12 atavala masiki. Tinakwera chikepe ndi chitsulo chathu cha diripi. M'chipindamo munali ana ambiri, ena panjinga, ena atanyamulidwa, wina anamubweretsa ndi bedi lake lomwe. Ena anali atapenta nkhope zakuda ndi zachikasu. Magalasi ake ndi ochokera pansi mpaka kudenga, ndipo bwalo linali lowala ngati masana pakati pa mdima. Gawo loyamba litatha, anthu anayatsa matochi a mafoni awo n'kuwakweza. Bwalo lonse linasanduka nyenyezi zoyenda uku ndi uku. Ana nawo anali ndi timatochi tawo, akuyankha. Mwana wanga anakanikiza chipumi pagalasi, mpweya wa m'masiki ukuchititsa nthunzi, n'kunena kuti, "Ziphaniphani." Anali ataziona kwa agogo ake kudambo asanabwere kuno, ndipo ndinkayesa kuti anaiwala. Iowa inagonja 17 kwa 12 usiku umenewo, koma m'chipinda muja sindinaone mwana amene anadandaula.

Pali zina zimene makamera a TV saonetsa, ndipo kholo limene likulowa kumene m'moyo umenewu liyenera kuzidziwa. Masewera a pakhomo amakhala pafupifupi 7 pa chaka, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala mpaka Novembala. Masiku ena onsewo bwalo lija limakhala lopanda munthu. Lamlungu m'mawa ukasuzumira umangoona otola zinyalala, ndipo m'nyengo yozizira mipando yonse imakwiririka ndi chipale chofewa. Mwana amene wagonekedwa mu Febuluwale saona dzanja ngakhale limodzi. Ndipo si mwana aliyense amene amafuna kupita pazenera. Tsiku lina mu Novembala tinagonekedwanso pa tsiku la masewera, iye akusanza chifukwa cha kemo, ndipo nditamuuza kuti nthawi yakwana anati, "Lero ayi." Ndinatsala pang'ono kumunyengerera, chifukwa ine ndi amene ndinkafuna. Ndinadziletsa. Mwana wodwala amalandidwa ufulu pa chilichonse, amamubaya osafuna, amamwa mankhwala owawa osafuna, amamudzutsa usiku kuti amuyeze. Pamene angathe kunena kuti ayi, musiyeni anene.

Mwana wa mayi mlimi uja anamwalira chaka chisanathe. Anali ataonera manja aja kambirimbiri. Ndinapita kumaliro, ulendo wa maola atatu pagalimoto, ndipo pakhomo la tchalitchi panali chithunzi chake ali pazenera lija, dzanja lili m'mwamba. Mayi ake anandikumbatira n'kunena kuti masiku a masewera ndi amene mwana wake ankadzuka yekha osadzutsidwa. Sindinapeze mawu, ndinangomugwira monga timachitira kwathu pasiwa.

Amene ankadzaza masiku opanda masewera anali ophunzira a payunivesite a gulu la Dance Marathon, limene wodi ya nambala 11 inatchedwa dzina lake. Chaka chilichonse amavina maola 24 osakhala pansi kuti asonkhe ndalama zothandizira mabanja a ana a khansa, koma chimene ine ndimawakumbukira nacho ndi Lachitatu wamba masana, mtsikana wa zaka 19 atakhala pansi akusewera makhadi ndi mwana wanga kuti ine ndikasambe. Ngati mukufuna kuthandiza banja limene lili ndi mwana m'chipatala, kaya ndi kuno kaya ndi kwathu, sabata yoyamba anthu amakhala ambiri. Pitani mwezi wachitatu. Imbani kaye mufunse ngati mwana akuloledwa kuona alendo, sambani m'manja, ndipo ngati muli ndi chimfine khalani kunyumba mutumize uthenga. Mukalowa, lankhulani ndi mwanayo, osangolankhula za iye ndi makolo ake ngati palibe. Musamuuze mayi ake za anthu ena amene anamwalira ndi matenda omwewo, kapena za mankhwala azitsamba amene anachiritsa wakutiwakuti. Ndinalandira mauthenga otero ambiri kuchokera kwa anthu ondifunira zabwino, ndipo ankandisowetsa tulo. Musaiwalenso abale ake a wodwalayo. Mng'ono wake uja anayamba kukodzanso pabedi ndi kundikana ndikabwera kunyumba, chifukwa kwa iye amayi anangosowa.

Kwa makolo anzanga ndiwonjezere zing'onozing'ono zimene zinatipulumutsa. Khalani ndi kope lolembamo dzina la mankhwala aliwonse, tsiku, ndi zotsatira za magazi, chifukwa mutu wa munthu wosagona susunga kanthu. Ngati Chingerezi cha madokotala chikuthamanga, auzeni abwereze kapena alembe, si uchitsiru. Funsani kuti wothandiza mabanja pa nkhani za ndalama ndi inshuwalansi ndi ndani, mukumane naye sabata yoyamba, musadikire kuti makalata a ngongole ayambe kubwera. Mabanja ochokera kutali ankagona ku Ronald McDonald House, pafupi ndi chipatala. Ndipo ngati muli ku Iowa City, dziwani masiku a masewera, munyamuke msanga, chikwama cha kuchipatala chizikhala chopakira pafupi ndi chitseko.

Mu 2020 kunabwera mliri wa korona. Masewera anayamba mochedwa, chakumapeto kwa Okutobala, ndipo m'bwalo munalibe ochemerera kupatula achibale ochepa a osewera. Pawodi alendo analetsedwa. Tinali kunyumba tikuonera pa TV pamene gawo loyamba linatha, ndipo osewera, makochi ndi oimbira anatembenukabe n'kukweza manja, kumbuyo kwawo kuli mipando yopanda anthu. Mwana anaimirira pabalaza n'kugwedeza dzanja ku TV. Ndinamufunsa kuti akupatsa moni ndani. Anati, "Amene ali m'chipinda changa chija."

Anamaliza mankhwala chakumapeto kwa 2021. Tsitsi linamera lofewa kuposa kale. Timapitabe kukayezetsa, ndipo usiku woti mawa tikayezetsa sindigona bwino, chimenecho sichinathe.

Pa 3 Seputembala 2022 banja lina la kutchalitchi linatipatsa matikiti anayi a masewera otsegulira nyengo, ndi timu ya South Dakota State. Aka kanali koyamba kulowa m'bwalo limene tinkaliona kuchokera kumwamba. Masewera asanayambe anatulutsa mwana mmodzi amene amamutcha Kid Captain. Kuyambira 2009, pafupifupi pa masewera aliwonse amasankha mwana amene akulandira kapena analandirapo chithandizo kuchipatalachi kuti akhale kaputeni waulemu, ndipo kuyambira chaka chimenecho cha 2022 mwanayo ndi amene amasankha nyimbo yoimbidwa pa nthawi yokweza manja. Masewerawo anthu otizungulira ankadandaula kuti sakukoma, ndipo anatheradi 7 kwa 3. Ife maso athu anali pawotchi.

Kuchokera pansi chipatala chija chimaoneka chachitali kwambiri, magalasi okhaokha akunyezimira ndi dzuwa. Ana suwaona bwinobwino, umangoona timithunzi ndi mapepala omata pamazenera, pokhapokha akawaonetsa pa sikirini yaikulu ya m'bwalo. Ndinazindikira kuti anthu aja ankapatsa moni mwana wanga osamuona n'komwe. Wotchi itatsala masekondi ochepa, iye anakwera pampando n'kuyamba kuwerenga nsanjika ndi chala, kuyambira pansi, mpaka anapeza ya nambala 11. Anthu onse anatembenuka. Ine ndinakweza dzanja kufika paphewa, ndikugwedeza zala, mmero utatsekeka.

Anandikoka malaya. "Amayi, osati choncho. Kumwamba kuja zala sizioneka. Mkono wonse."

Anagwira chigongono changa n'kuchikankhira m'mwamba, kenako anatembenukira kwa bambo ake ndi kwa mng'ono wake kuti aone ngati nawonso akuchita bwino.